Abiti Foleti

Pa arobaini ya azakhali anga, sadaka ija timachita maliro akatha masiku makumi anayi, ashehe atafika potchula dzina la malemu anadodoma. Anati, "Mayi athu Abiti…" n'kuima kaye, maso ali m'mwamba. Kumbali ya amayi wina anaseka atabisa pakamwa m'chitenje. Kenaka ashehe anakumbukira, namaliza kuti Abiti Saidi, pemphero n'kupitirira. Ine sindinawaimbe mlandu. Dzina lenilenilo linali litachita dzimbiri. Kuyambira kumsika wa pa Mangochi mpaka kutsidya kwa mlatho, aliyense ankawadziwa azakhali kuti ndi Abiti Foleti.

Dzinalo silinali lachikondi. Kwathu kuno mkazi amaitanidwa ndi dzina la bambo ake, Abiti Uje, kutanthauza mwana wamkazi wa Uje. Ndiye amayi ena atatopa ndi kuwamva akubwereza mawu amodzimodzi oti foleti pamjigo, pachigayo ndi pamaliro pomwe, anati munthuyu foleti wakeyo ndiye bambo ake omubereka. Ankayembekeza kuti azakhali apsa mtima. Iwo anangonyamuka kupita kuchipatala kukafunsa anamwino kuti mawuwa kwenikweni amatanthauzanji. Anauzidwa kuti anachokera ku chilankhulo chakale cha azungu, ku mawu otanthauza tsamba, poti vitamini ameneyu anayamba kumupeza m'masamba obiriwira. Anabwerako akuyenda monyadira, n'kulunjika pamjigo pomwe panali eni nthabwala aja.

"Ndiye mwanditcha mwana wa tsamba? Sikomo, anzanga," anatero. "Che Saidi sakadadandaula. Iwonso chitambe ankachidya mpaka kunyambita mbale."

Kuyambira tsiku limenelo, ukawaitana kuti Abiti Saidi ankachedwa kucheuka.

Musaganize kuti ndikukamba za mayi wofatsa, wa mawu ozizira. Azakhali anali alongo awo a bambo anga, aafupi msinkhu, a mawu aakulu oti akamalankhula kuseri kwa nyumba unkamva uli pamsewu. Ankalowa m'khitchini mwa eni osaodira, n'kuvundukula poto. Anayambanapo ndi pafupifupi aliyense amene ndimamudziwa, ine ndemwe kangapo konse, ndipo kupepesa kwawo kunali kukubweretsera nandolo m'kathumba n'kusiya pakhomo osanena kanthu. Ndinkawakonda kwambiri, koma masiku ena ndikawaona akutulukira pakona ndinkalakalaka ndikadapita ku Chiponde kukagula nsalu.

Nkhondo yawo ya tsiku ndi tsiku inali ya masamba. Ife a kunyanja tili ndi matama athu. Ndiwo ndi nsomba, basi. Munthu akadyera nkhwani masiku awiri otsatizana amauza anzake kuti kunyumba zinthu zavuta, ndipo mlendo ukamuikira bonongwe amakakamba kwawo kuti unamulandira ngati mbuzi. Azakhali usipa wa ku Nkhudzi ankaukonda ngati wina aliyense, koma pambali pake pankakhala mbale ya masamba, ndipo ankakuyang'ana mpaka uimalize. Ankati nsomba ili ndi ntchito yake m'thupi, tsamba lili ndi yake, ndipo wina sagwirira mnzake. Bonongwe, chisoso, chitambe, khobwe, nandolo wa ku Katuli, mtedza, peyala, zonsezi ankazitchula ngati akuitana adzukulu kuti adzadye. Anali ndi kadimba m'mbali mwa Shire kamene mvuu zinkakonda kukayendera. Zikawadyera mpiru ankazitukwana m'mawa wonse, kenaka n'kumaliza kuti komabe m'boma lonse lino ndi mvuu zokha zimene zimawamvera.

Tsiku lina anandipeza kuseri kwa khitchini ndikukhuthula madzi a mpiru, nditauwiritsa mpaka kuda.

"Iwe, ukuthirira ndani pamenepo?"

"Ndikuchotsa kuwawa, azakhali."

"Ukuchotsa chakudya. Foleti wathawira m'madzimo, wotsalayo wamupha ndi moto. Ana ako uwapatsa zinyalala, nyerere ndiye zidye bwino lero."

Ankafuna masamba aphikidwe ndi madzi ochepa, kanthawi kochepa, aphulidwe akadali obiriwira, ndipo msuzi wake udyedwe. Soda ankadana naye koopsa. Anamulanda mayi wina woyandikana nawo kapaketi ka soda m'manja n'kukaponya padenga, ndipo awiriwo sanalankhulane mpaka Idi. Chigwada chokha ndicho ankachilola kukhalitsa pamoto, poti chimenecho chikapanda kupsa bwino chimapweteka munthu.

Poti ine ndine telala, ankandifotokozera ndi zinthu za m'shopu mwanga. Ankati thupi limasoka tsiku ndi tsiku, magazi atsopano, khungu latsopano, ndipo foleti ndiye ulusi wake. Thupi silisunga ulusi wambiri, n'chifukwa chake uyenera kumalowa pafupipafupi. Ukachepa, magazi amachepa: munthu amangotopa, m'manja mumayera, lilime limachita zilonda, kukwera kamtunda kokha ali wefuwefu. Zimenezi ankati n'za aliyense, msodzi, mwana wasukulu, nkhalamba. Koma pamene ankatsitsa mawu, ndipo sizinkachitika kawirikawiri, ndi pamene ankafika pa mwana wa m'mimba. Ankati msoko woyamba ndi wa msana ndi mutu, ndipo umatsekedwa m'milungu yoyambirira yeniyeni, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Ulusi ukasowa nthawi imeneyo, msokowo ukhoza kutsala wotsegula, ndipo palibe piritsi la pambuyo limene lingautseke.

Zonsezi sanabadwe nazo. Sukulu yawo inali madarasa basi. Azakhali anali anakanga, amene kwina amati anamkungwi. Ndiwo ankalangiza atsikana pa chinamwali, ndiwo ankalangiza mkwatibwi tsiku loti mawa ndowa, ukwati wathu wa kumzikiti, ndiwonso ankatsogolera litiwo, chinamwali cha mimba yoyamba. Ntchito imeneyi inali ulemu wawo wonse. Mwamuna analibe, mwana pakhomo panalibe, koma akafika panyumba pa munthu mphasa inkayalidwa msanga, nkhuku n'kuyamba kuthamangitsidwa.

Zinayamba tsiku limene anaperekeza mtsikana wina kusikelo, mimba itaoneka kale. Pakhoma panali chithunzi cha khanda litagona chafufumimba, lili ndi chotupa kumunsi kwa msana. Amene analipo akuti azakhali anaimirira patsogolo pa chithunzicho mpaka mzere wonse unawadutsa. Kenaka analowa kwa anamwino osaitanidwa. Anamwinowo anali mayi wachikhristu wochokera kumpoto, wolema ndi kutentha kwa kuno, koma anawakhazika pansi n'kuwafotokozera bwinobwino. Anawauza kuti si ana onse otere amene vuto lawo limachokera ku kuchepa kwa foleti, koma ambiri akadatetezeka. Anawauzanso kuti chakudya chokha nthawi zina sichikwanira, n'chifukwa chake mkazi amene angatenge mimba amayenera kuyamba kumwa kapiritsi ka foliki asidi, amene ndi foleti yemweyo wopangidwa kufakitale, mimbayo isanabwere, n'kupitiriza ikabwera.

"Isanabwere?" anafunsa azakhali. "Nanga atsikana athu amafika kuno liti?"

"Inu ndi amene mukudziwa, mayi," anatero anamwino. "Amafika mwana akugunda kale."

Azakhali ankadziwadi. Ndiwo ankaphunzitsa atsikana kuti mimba yaing'ono siitchulidwa, kuopa maso a anthu oipa, kuti ukhale chete mpaka akuluakulu aione okha, akuchitire litiwo, ndiye uziyenda nayo poyera. Mwambo wa litiwo sanautaye, ankaukonda ndipo nyimbo zake ankaziimba bwino kuposa wina aliyense. Chimene anachita ndi kuwonjezera langizo limodzi, ndipo sanaliike pa litiwo, analiika pa malangizo a ukwati. Mkwatibwi aliyense wodutsa m'manja mwawo ankamva za kusamala mwamuna, za ulemu kwa apongozi, kenaka za masamba ndi kapiritsi, n'kuuzidwa kuti akafunse kuchipatala kapena kusitolo ya mankhwala sabata yomweyo. M'mwezi wa Ramadani ankati umwe pofutulu, pomasula kusala madzulo, usapeze chonamizira.

Apa ndi pamene panagona vuto. Kwathu kuno mkazi wosadwala amamwa mapiritsi a mitundu iwiri yokha imene anthu amaidziwa. Woyembekezera amamwa a kusikelo, owonjezera magazi, ndipo ngakhale amenewo ena amataya kuchimbudzi poopa kuti mwana akula kwambiri n'kudzabadwa ndi mpeni. Amene alibe mimba akamamwa piritsi tsiku ndi tsiku, ndiye kuti ndi olera. Mtundu wachitatu kulibe. Tsono mkwatibwi wa dzulodzuloli, wopanda mimba, akapezeka akumeza kanthu m'mawa uliwonse mwakachetechete, apongozi aganize chiyani?

Zinaphulikira pa Asiyatu. Anali mtsikana wofatsa, wokwatiwa ndi mnyamata woyendetsa njinga yamoto pamsewu wa ku Chiponde. Mvula inagwa n'kusiya, mimba osaoneka. Apongozi ake aakazi, Abiti Mussa, posanthula m'chikwama cha mtsikanayo anapeza timapiritsi m'kapepala ka pulasitiki. Sanafunse kawiri. Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti anakanga akutseka mimba za ana a eni, ndipo ena anathirako mchere kuti amatumidwa ndi azungu. Asiyatu anabwezedwa kwa amayi ake, katundu ali pamutu.

Nkhani inakambidwa pakhonde pa Che Jafali, mkulu wa pamzikiti wathu amene ankaweruza za mabanja. Ine ndinalipo, kumbali ya amayi. Kunkatentha koti malata ankalira okha, koma palibe anasuntha. Asiyatu anakhala pafupi ndi amayi ake atazolika, mwamuna wake ali uko akusewera ndi makiyi a njinga. Che Jafali sanali munthu woipa, ndipo sanabwere chimanjamanja.

"Abiti Saidi," anatero, "ine ndafufuza. Akuti mapiritsiwa si olera, chabwino. Koma inu mwalowetsa za chipatala m'chipinda cha malangizo makolo osadziwa. Mwauza mwana za mimba imene Mulungu sanapereke. Banja lagwedezeka. Pepesani kwa Abiti Mussa, mulonjeze pano kuti za mapiritsi muzisiyira anamwino, ife titenge mwanayu abwerere kwa mwamuna wake. Inu mupitirize ntchito yanu. Nkhani ithere pompano."

Inali njira yabwino yotulukira, ndipo tonse tinapumira m'mwamba. Amayi ake a Asiyatu anayang'ana azakhali ndi maso opempha. Ine ndemwe mumtima ndinkati vomerani, azakhali, ndi mawu awiri okha.

"Kupepesa ndipepesa," anatero azakhali. "Abiti Mussa, pepani kuti sindinayambe ndakuuzani inu. Pamenepo ndinalakwa. Koma kusiya, Che Jafali, sindisiya. Anamwino amawaona atsikanawa nthawi itatha kale. Amene ndimawaona nthawi ikadalipo ndine."

"Ana tabereka ife opanda timapiritsi tanuto!" anakuwa Abiti Mussa, amene za kufufuza kwa Che Jafali sanazikhulupirire n'komwe. "Asanu ndi awiri ine, onse oyenda ndi miyendo yawo. Inu mwabereka angati kuti mutiphunzitse?"

Funso limenelo panalibe amene analifunsapo, ngakhale pa ndewu. Ife tinakula tikudziwa kuti azakhali alibe mwana, kuti ukwati wawo unatha kalekale, ndipo kuti zimenezo sizifunsidwa.

"Mmodzi," anayankha. "Dzina lake Hawa."

Anakamba ataimirira, pamaso pa amuna, zinthu zimene mkazi sakamba pamaso pa amuna. Anakwatiwa ali kamtsikana, chaka chimene mvula inakana ndipo m'madimba munalibe tsamba. Mwana anabadwira m'nyumba, wokongola nkhope, koma kumunsi kwa msana kunali chotupa chonga dzira la bakha, chofewa, chotuluka timadzi. Miyendo sinkagwedezeka. Azamba anangoyang'anana. Apongozi anati mtsikanayu anayenda ndi mwamuna wina ali ndi pakati, ena anati anaseka wolumala, enanso anati anadya mazira. Anauzidwa kuti amubise m'nyumba. Mwanayo anakhala miyezi ingapo, mutu ukukulirakulira, akugona chafufumimba pachifuwa pa amake poti chagada sakadatha. Atamwalira, mwamuna anapereka talaka, mawu othetsa ukwati, anthu a pamaliro asanabalalike.

"Sindinamuberekepo kumbuyo ngakhale tsiku limodzi," anatero azakhali. "Chitenje chikadamukanikiza pabala. Zaka zonsezi ndakhala ndikufufuza tchimo langa. Ndaswali, ndasala, ndadzifunsa kuti ndinalakwa pati. Yankho ndinakalipeza pakhoma la chipatala nditachita imvi, ndipo silinali tchimo. Mwina kanali kanthu kakang'ono kamene palibe anandiuza, poti nawonso sankakadziwa. Mwina akadabadwa chomwecho ndithu, Mulungu ndiye adziwa. Koma ine tsopano ndadziwa. Ndiye mukuti ndikhale m'chipinda ndi mwana wa eni, ndimuphunzitse kutenthetsa madzi a bambo, ichi chokha ndimubisire? Chotsani ine, Che Jafali. Pakamwa panga simuchotsa."

Ndikadakonda kulemba kuti anthu analira n'kuwakumbatira. Ena analiradi, ine mmodzi wa iwo. Koma Che Jafali anali atapereka njira pamaso pa anthu ndipo inakanidwa pamaso pa anthu, ndiye anagamula kuti Abiti Saidi asaitanidwenso ku malangizo a ukwati kapena ku litiwo m'dera lathu. Abiti Mussa ananyamuka akunena mokweza kuti munthu wobereka chilema ndiye woyenera kutalikirana ndi akwatibwi. Asiyatu sanabwerere ku banja lija. Amayi ake sanawapatsenso moni azakhali mpaka imfa, ndipo ine sindiwadzudzula, chifukwa lonjezo limodzi la azakhali likadabweza mwana wawo kwa mwamuna. Azakhali ankadziwa zimenezo. Nthawi ina ndinawafunsa ngati sizinkawapweteka. Anati zinkawasowetsa tulo, koma akadalonjeza akadagulitsa atsikana onse obwera pambuyo kuti awombole mmodzi, ndipo akadalonjeza bodza akadakhala atanama pakhomo pa mzikiti.

Asiyatu anadzakwatiwanso ku Katuli, ndipo ali ndi ana ake athanzi. Anthu ena atamva anabwera kudzawauza azakhali kuti mwaona, munkanena zoona. Iwo anawabweza. Anati ana ambiri amabadwa bwino popanda piritsi, ndipo mwana wa Asiyatu si mboni yawo, ndi mwana wa Asiyatu. Chimene iwo ankalimbana nacho ndi ochepa aja amene akadapulumuka wina akadatsegula pakamwa msanga.

Chigamulo chitaperekedwa anakhala m'nyumba masiku angapo. Mphasa zinasiya kuyalidwa. Ukwati wina unachitika pafupi ndi kwawo, ndipo anamva nthungululu ali mkati, chitseko chotseka. Ndinkaopa kuti adwala ndi maganizo. Kenaka m'mawa wina ndikukatsegula shopu yanga pafupi ndi msika, ndinawapeza atakhala kale pakhonde, pa kampando kochokera kwawo, dengu la bonongwe ndi chitambe lili pamiyendo.

"Azakhali, kwagwanji?"

"Ndikugulitsa masamba. Kapena khondeli nalo lili ndi Che Jafali wake?"

"Msika uli apo. Bwanji osakakhala ndi anzanu?"

"Kumsika kumabwera aliyense. Kuno kumabwera akwatibwi." Anandiyang'ana ngati ndine wogona. "Andichotsa m'chipinda cha malangizo. Koma tandiuza iwe telala, ndi mtsikana uti amene amamangitsa ndowa wopanda diresi?"

Anakhala pakhondepo zaka zonse zotsala za moyo wawo. Mtsikana akabwera ndi nsalu yonyezimira m'manja, asanaponde pachitseko ankamva, "Mwali, tabwera kuno kaye." Ankamugwira dzanja, kutembenuza chikhatho, kutsitsa chikope kuti aone ngati muli magazi, kenaka nkhani yonse, mokweza, amayi ake a mtsikanayo ali pomwepo akukukuta mano. Tsopano sankabisanso kanthu kwa makolo, ndipo ankati phunziro limenelo analitola kwa Abiti Mussa. Anyamata obwera kudzasoketsa mkanjo wa ukwati nawonso sankapulumuka. Ankawauza kuti mapiritsiwo akatenge okha, akapereke okha kwa mkazi amayi awo akuona, kuti pasadzapezeke wowasanthula m'chikwama. Mnyamata wamanyazi ankatuluka pamenepo thukuta lili kamukamu, anzake a kabaza akumuseka.

Che Jafali popita kumzikiti ankadutsa msewu womwewo. Azakhali ankawapatsa moni waulemu wonse, wogwada pang'ono, koma mawu ake oti amveke mpaka kogulitsa nsomba.

"Asalamu alaikumu, Che Jafali! Tilipo, tikugulitsa masamba!"

"Wa alaikumu salamu. Masamba okha, Abiti Saidi?"

"Enawo ndi aulere."

Mkuluyo ankangopukusa mutu n'kupitirira. Chigamulo chake chinali cha chipinda cha malangizo, za makonde a atelala sichinanenepo kanthu, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Ena ankamvera, ena ankaseka, ena ankawoloka msewu kukasoketsa kwa telala wina. Ndinadandaula kamodzi kuti akundithawitsira makasitomala. Anandiyankha kuti ndizisoka bwino, anthu azipirira. Masamba aja ambiri ankangogawa dzuwa likafika pamutu, poti ankati tsamba likafota layamba kale kutaya mphamvu, bola lilowe mu poto wa munthu lero lomwe.

Anadwala nthawi yochepa. Miyendo inatupa, mpweya unayamba kuvuta. Tsiku lomaliza kubwera pakhonde anachita kunyamulidwa pa njinga ya kabaza, ndipo analimbana ndi mayi wina pa nkhani ya soda mpaka mawu anawathera. Kuchipatala, mtsikana wina wophunzira unamwino akuwapatsa mankhwala, iwo anamufunsa ngati ali pabanja. Atayankha kuti akwatiwa chaka chomwecho, azakhali anayamba kulimbana kuti adzuke pabedi amuuze za foliki asidi, mpaka tinachita kuwagwira.

"Ndikudziwa, agogo," anatero mtsikanayo akuseka. "Tinaphunzira m'kalasi."

"Sindinafunse ngati unaphunzira," anatero azakhali. "Wayamba kumwa?"

Mtsikanayo anangoyang'ana pansi. Azakhali anatseka maso ngati munthu amene wagwira wakuba. Anamwalira patapita masiku ochepa.

Pamaliro panadzaza. Amayi ambiri amene ankawoloka msewu anabwera, ena ali ndi ana kumbuyo. Palibe amene anaimirira kunena kuti chigamulo chija chinali cholakwa, ndipo mpaka lero sichinachotsedwe. Zimandipsetsa mtima, ndipo sindibisa. Anakanga amene alipo tsopano ndi anthu abwino, amalangiza za madzi osamba ndi za ulemu, koma za mimba amadikira litiwo monga kale. Amuna anakawaika azakhali kumanda komwe kuli Hawa, ngakhale palibe amene akukumbukira kuti kamandako kali pati.

Sabata yatha kunabwera mtsikana ndi amayi ake, nsalu yoyera m'manja. Anadutsa pakhonde popanda wowaimitsa, n'kulowa. Ndinamuyeza mapewa, ndinamuyeza chiuno. Ine si nakanga, mawu aakulu ndilibe, ndipo nkhani za mimba sindinazikambepo ndi mwana wa eni. Koma nditafika poyeza kutalika kwa diresi, nditagwada pamapazi pake, ndinangomva pakamwa panga patseguka.

"Mwali, ndowa isanafike upite kuchipatala ukafunse za foliki asidi. Usadikire mimba. Ndipo inu amayi, mupite naye limodzi, mukamve nokha kuti si olera."

Amayi ake anatola nsalu ija patebulo n'kuipinda mofulumira.

"Tinkayesa zinapita ndi eni ake," anatero, akukankhira mwana wawo kunja.

Mtsikanayo anacheuka kamodzi ali pakhomo. Sindikudziwa ngati anamva, sindikudziwa ngati apita. Nsaluyo aipititse kumene akufuna. Wotsatira ndimuuzanso, ndipo akachoka, wotsatira wakeyonso.

Kampando kaja sindinakachotse. Kali pakona pa khonde, mwendo umodzi waufupi wochirikizidwa ndi chidutswa cha njerwa, ndipo pakhoma pamene ankatsamira penti inafufutika mpaka simenti kuonekera. Palibe amene amakhalapo. Ngakhale anyamata a kabaza odikira makasitomala amalolera kuima padzuwa. M'mawa mbuzi zimabwerabe kudzanunkhiza pansi pamene pankagwera masamba, sizipeza kanthu, n'kupitirira. Ino ndi nyengo ya maukwati, anthu akolola, ndipo atsikana akudutsa ndi nsalu zawo m'manja pafupi penipeni ndi khonde, osawolokanso msewu. Ndimawaona pawindo ndili pa makina, mmodzimmodzi, ndipo amene salowa kwa ine palibe wowaitana.